Kandalama Kagolide ka Amake Injiniya

Amake Injiniya anaima pamzere m'kashopu ka ejenti wa ndalama, chikwama atachipanira kukhwapa. Fani ya kudenga inkangozunguza mpweya wotentha womwewo. Iwo sankamva kutentha, ngakhale miyendo sankaimva. Maso anali pa chikwangwani chapakhoma chomwe anachiloweza kalekale: pa ndalama zodutsa malire, wotumiza ndi wolandira onse aonetse mapepala.

Lamulo limeneli ndi lomwe linawatsekera njira yakale. Mapepala a mwana wawo kunjako anali ndi vuto, ndipo banki siona nkhope. Mwanayo ndiye anawaphunzitsa njira ina, ya makoini, ndalama za pa intaneti zosagwirika ndi manja. Tsamba la mchezo linali litayamba kulola anthu kupatsana makoiniwo ngati mmene amapatsirana zithunzi. Ejenti ankasinthanitsa makoini ndi ndalama zenizeni, iye n'kudulapo pake.

Koma tsambalo linalibe chinsinsi. Makoini akangodutsa, linkayatsa kandalama kagolide pakati pa chithunzi cha mayi ndi cha mwana, anzawo onse n'kuona. Kazimitsidwe kake Amake Injiniya sankakadziwa, kufunsanso ankachita manyazi. Mwezi uliwonse kakawala, mauthenga ankagwa ngati mvula. Kubala ndi kumeneku. Mutikumbukireko ifenso.

Mayi wa saluni, woyandikana nawo nyumba, anawapeza pamzere pomwepo.

“Ndimadziwa kuti ndikupezani kuno, paja ndi kumapeto kwa mwezi,” anatero. “Sabata yonseyi sindinamve makina anu akulira. Ndati eya, atelala athu apuma, mwana akuwadyetsa.”

“Ndapumadi,” anayankha Amake Injiniya, akusisita chala chomwe singano inachiumitsa khungu.

“Ndiye anzanga, wanga wamng'ono uja amubweza kusukulu. Kangachepe kokha, ndidzabweza.”

“Lero sizitheka.”

Mayi wa saluni anaseka mwachidule. “Ndi mmene zimakhalira. Munthu akalemera amaumira.” Anachoka pamzere koma sanapite. Anakaima pakhomo kuti adzionere yekha kukula kwa mpukutu wa ndalama.

Amake Injiniya sanapse mtima. Mtima wopsera unali utatha kale. Anayang'ana pafoni chithunzi chomwe chinawapatsa dzinali: mwana wawo atavala chipewa cholimba chachikasu, kumbuyo kwake nyumba zosanja. Anthu anangoona chipewacho n'kumalizitsa okha nkhani yonse, ndipo iwo sanatsutse. Zaka zonsezi chithunzicho sichinasinthe.

“Fikani amayi,” ejenti anawaitana. Anatenga foni yawo ya galasi losweka ija n'kutsegula tsambalo osafunsa, poti anali atazolowerana. “Ndi za achimwene omwe aja?”

“Omwewo.”

“Makoini akwera mtengo lero.”

“Mwayi umatsata omwe ali nazo kale,” mayi wa saluni anaponya mawu ali pakhomo.

Amake Injiniya anatsinzina pang'ono, kenako anatchinga kauntala ndi msana. Mayi wa saluni anasolola khosi mpaka anauona mpukutu uli pakati pa awiriwo, ejenti akuwerenga uku akunyowetsa chala. Unali waukulu kuposa wa miyezi yonse. Mayi wa saluniyo anatsonya n'kutuluka, nsapato zikuwomba pansi, ndipo zinali zodziwikiratu kuti dzuwa lisanalowe msewu wonse ukhala utamva za kuuma mtima kwa Amake Injiniya.

Foni inalira. Kandalama kagolide kanawala pakati pa zithunzi ziwiri zija, ndipo uthenga woyamba unafika nthawi yomweyo, wa mlamu wawo: Mwana wanu Mulungu azimuonjezera pomwe wachotsapo.

“Zadutsa, amayi,” anatero ejenti motsitsa mawu. “Nanga mwezi wa mawa mudzatani?”

“Wa mawa sunafike.”

Ejenti anakoka dirowa n'kuikamo mpukutu wonse, mtengo wa makina osokera aja omwe amayiwo anagulitsa. Amake Injiniya anapinda chikwama chopanda kanthu, n'kulembera mwana wawo ndi chala chouma chija: “Ndatumiza mwanawe. Lipira chipinda asakutayire katundu panja. Ife kuno tili bwino.”