Mabedi aulere a Sikweya

Panali munthu wina, mmisiri wa matabwa, amene anthu ankangomutchula kuti Sikweya, dzina la chida choyezera ngodya, chifukwa sankadula thabwa asanayeze kawiri. Mabedi ake ankati ukagula, adzagonapo ndi adzukulu ako. Vuto linali malo. Shedi yake inali kuseri kwa mashopu, kumene munthu amafika pokhapokha atasochera.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa suti, foni ziwiri m'manja. Anagogoda bedi ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Amisiri, ntchito yotereyi mukuibisa kuseri kuno? Masiku ano malonda safuna chikwangwani. Timapanga uthenga woti anthu azipatsirana okha ngati chimfine. Tilemba kuti wotumiza uthengawu kwa anthu khumi apata bedi laulere."

"Nanga mabedi aulerewo ndiwatenga kuti?" anafunsa Sikweya.

"Limodzi lokha basi. Tidzachita mayere."

Sikweya atafika kunyumba anafotokozera mkazi wake. Mayiwo anati, "Abambo, dzina limene likalembedwe pamenepo ndi lanu, si la munthu wa sutiyo. Muuwerenge kaye uthengawo usanatuluke."

Koma m'mawa mwake bambo uja atabweranso anati akufulumira, ndipo Sikweya anachita manyazi kuoneka ngati wotsalira. Anangoima pambali pa bedi, kumwetulira, n'kujambulidwa.

Uthenga unayendadi. Pofika Lachitatu unali utafika ngakhale pa foni ya apongozi ake. Mkazi wake ndiye anauwerenga mokweza. Za mayere munalibemo. Munalembedwa kuti aliyense wotumiza kwa anthu khumi, n'kulipira kangachepe kolembetsera pa nambala imene inali m'munsi, adzatenge bedi lake Loweruka. Nambalayo sinali ya Sikweya. Anaimbira bambo wa suti, foni zonse ziwiri zinali zozima.

Loweruka anthu anadzaza kanjira konse ka kuseri kwa mashopu. Ena anabwera ndi ngolo, ena ndi zingwe zomangira katundu. Mnzake wowotcherera zitsulo, wa shedi yoyandikana, anamukokera pambali.

"Achimwene, tulukirani kumbuyoku. Anthu awa akuphwanyani."

"Ndikathawa lero, mawa ndidzatsegula ndi nkhope yanji?" anatero Sikweya.

Anakwera pa benchi yopalira matabwa. Munthu wina anakweza foni n'kuyamba kumujambula, akuti dziko lonse limuone wakubayu.

"Abale anga, mabedi aulere kulibe," anatero Sikweya. "Ndalama zanu sindinazione, koma sindinganene kuti ndilibe mlandu. Ndinapereka dzina langa ndi nkhope yanga kwa munthu amene sindikudziwa ngakhale kumene amagona. Akazi anga anandichenjeza, ine osamva. Mwapusitsidwa chifukwa munakhulupirira ine."

Anthu anayamba kusokosa. Mayi wina wa mwana kumsana anafika kutsogolo. Sanakalipe. Anangoti, "Bambo, ine ndabwereka ngolo. Ana ndawauza kuti lero sagonanso pansi. Ndikawauze chiyani?"

Sikweya anatsika, n'kulowa mu shedi. Anatuluka atasenza bedi lomwe linali pa chithunzi, n'kulikweza yekha pa ngolo ya mayiwo.

"Limodzi ndiye ndinavomera, ndi ili. Enanu, ndilibe chokupatsani koma manja angawa. Amene wapusitsidwa pa dzina langa abweretse mpando, chitseko kapena bedi lothyoka. Ndizikonza ulere Loweruka lililonse mpaka womaliza."

"Mabodza enanso amenewo," anatero wojambula uja. Anatumiza vidiyoyo paliponse kuti amuchititse manyazi.

Koma Loweruka lotsatira Sikweya anatsegula mamawa. Anthu anabwera ndi mipando yopanda miyendo, matebulo ogwedera, makabati oguluka zitseko. Guluu ndi misomali ankagula yekha. Mkazi wake ankalandira anthu ndi kuwakhazika pa mzere, osamukumbutsa ngakhale kamodzi kuti ndinakuuzani. Loweruka lachitatu wowotcherera uja anabwera ndi makina ake, akuti, "Za zitsulo muzindipatsira ine, musafere nokha."

Vidiyo ija inayenda kuposa uthenga woyamba. Anthu amene anakonzeredwa zinthu anayamba kuikapo zithunzi zawo, wina atakhala pa mpando wake, wina akutseka chitseko chimene chinakhala zaka chikukwekwera pansi. Panalibe amene anawauza kuti atumize kwa anthu khumi. Mayi wina wa saluni anaionera, ndipo bambo wa suti atafika kwa iye ndi nkhani yomweyo ya mayere, anamupatsa mpando, n'kupita kuseri kukaimbira apolisi.

Zinatenga masabata khumi ndi limodzi kuti mzere uthe. Womaliza anali bambo wachikulire amene anabweretsa kampando kothyoka mwendo. Sikweya anakatembenuza, n'kuona kuti mwendowo wachita kuchekedwa ndi sowo. Sanafunse. Anakakonza.

Bamboyo anaseka. "Ine sindinapusitsidwe nawo. Ndinaona vidiyo, ndiye ndimafuna ndione ndi maso anga ngati mukuchitadi. Ndimayang'anira nyumba zogona ana asukulu. Tikufuna mabedi makumi anayi mwezi uno."

Sikweya anayang'ana matabwa amene anali nawo, anayang'ananso manja ake.

"Makumi anayi mwezi uno sindingathe, bambo. Khumi ndingathe. Ngati mukufulumira, pitani kwina."

Bamboyo ananyamula kampando kake. "Yambani khumiwo. Enawo tidikira."

Phunziro: Dzina lako usabwereke mlendo, ndipo uthenga wotuluka m'dzina lako uziuwerenga usanapite, chifukwa ukafalikira sungaubweze. Ukalakwa, ima poyera ukonze. Malonda abwino amalengezedwa ndi anthu amene wawachitira zoona. Uthengawu ulibe mphoto ya bedi, koma atumizireni achibale ndi anzanu amene ali pa bizinesi, asanakumane ndi bambo wa suti.