Telala Amene Anali ndi Nthawi Yambiri

Panali munthu wina, telala wa pakhonde la sitolo, ndipo amene anandiuza nkhaniyi analumbira kuti ndi yoona. Telalayu ankaopa imfa koopsa. Maliro akamadutsa mumsewu, iye ankaweramira pamakina n'kumaponda mwamphamvu kuti nyimbo asazimve.

Tsiku lina masana, dzuwa litatentha moti msewu unkaoneka ngati ukuyandama, kunabwera mlendo ndi jekete long'ambika thumba. Nsalu yake telala anali asanaionepo, ndipo inkanunkhira mvula yoyamba. Atamusokera, mlendoyo anatulutsa kabotolo.

"Mukamwa aka, ukalamba sudzakudziwani," anatero. "Mudzaona zidzukulu za zidzukulu zanu."

"Nanga akazi anga?"

"Ndi ka munthu mmodzi."

Atafika nako kunyumba, mkazi wake anagwira pakamwa. "Bambo, munthu simukumudziwa, ngakhale dzina simunamufunse, basi mukuti mumwe? Nthawi yochepa yomweyi mumaiseweretsa, batani la bulauzi yanga mpaka lero simunasoke. Akakupatsani yambiri ndiye mudzatani?"

Telala anangoseka n'kumwa. Akuti kankamveka ngati madzi wamba.

Banjali linali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anakwatiwa ndi dalaivala wa lole bambo ake asakufuna. Tsiku lomwe ankanyamuka, telala anamuuza kuti, "Ukatuluka pakhomo pano, ulibenso bambo." Mkwiyo unaphwa msanga, koma kukapepesa n'kumene ankazengereza.

Mwanayo atabereka, anatumiza uthenga kuti bambo ake abwere adzaone mdzukulu.

"Ndipita mvula ikatha," anatero telala.

Mvula inatha.

"Ndipita ndikamaliza mayunifolomu a ana asukulu."

Mkazi wake anapita yekha. Pobwera anati, "Mwana akukudikirani, bambo. Sakufuna kanthu, akungofuna kukuonani."

"Aa, mayi, nthawi ilipo. Ndithamangirenji?"

Apa m'pamene mankhwala aja anamupusitsa. Thupi silinkamukumbutsanso kanthu. Bondo silipweteka, imvi sizibwera, ulusi ukulowa pasingano kamodzin'kamodzi. Masiku anayamba kupepuka. Akawerama pamakina n'kudzutsa mutu, kamtengo ka kutsidya kwa msewu kali ndi mthunzi. Mathalauzi anakula kumapazi, anachepa, anakulanso. Ana omwe anawasokera yunifolomu anabwera kudzayezetsa masuti aukwati, kenako ana awo anabweretsa masuti omwewo kuti awachepetse. Sitolo inasintha eni ake kangapo. Iye zonsezi ankaziona ngati munthu amene akusinza pampando.

Mkazi wake anakalamba n'kumwalira. Kumaliro mwana uja anabwera, ali mzimayi wamkulu ndithu. Telala anamuonera patali n'kunena mumtima kuti, "Pano pachuluka anthu, ndikamupepesa kwawo bwinobwino." Telala ameneyu, abale, amandikwiyitsa mpaka lero. Anthu atabalalika, anabwerera pamakina.

Zaka zinapitanso mwakachetechete. Ndiye tsiku lina mayi wina wa imvi anaima pakhonde paja.

"Pepani achimwene, ndikufuna achibale a telala wakale wa pano. Ine ndine mdzukulu wake. Amayi akudwala, mutu wawo ukusokonezeka, ndipo akungotchula bambo awo. Ngati mukudziwa kumene kuli manda, tiuzeni, mwina mtima wawo ungakhale pansi."

Telala anamuyang'anitsitsa mayiyo. Khanda lomwe anamuitanira kuti akalione linali litamera imvi. Anasiya nsalu ili pansi pa singano, nakwera basi pamodzi ndi mayiyo.

Anapeza gogo wowonda atakhala pafupi ndi windo, bulangete lili m'miyendo, nkhope ili kumsewu kumene mabasi amaima. Telala anagwada.

"Mwana wanga, ndine bambo ako. Ndabwera. Undikhululukire."

Gogoyo anamuyang'ana nthawi yaitali ndi maso ake achifunga. Anamusisita tsitsi lakuda lija, anamugwira masaya osakwinyika, kenako anaseka pang'ono.

"Iwe mnyamata, usamaseweretse akuluakulu. Bambo anga panopa ndi nkhalamba yoyendera ndodo, n'chifukwa chake akuchedwa. Akanakhala ndi miyendo ngati yakoyi, akanafika kalekale."



"Khala apa," anatero gogoyo. "Maso anga saonanso patali. Basi ikaima, uzindiuza ngati atsika."

Telala anakhala pambali pake. Basi ikaima, gogoyo ankafunsa kuti, "Atsika?" Ndipo iye, misozi ili chuchuchu, ankayankha kuti, "Ayi mayi, mwina ali m'basi ikubwerayo."

Gogoyo anamwalira sabata yomweyo akudikirabe. Akuti telala uja adakalipo, tsitsi lili bii, thupi lili bwinobwino. Ali ndi zaka zambirimbiri kutsogolo kwake, koma palibenso munthu padziko pano amene angamuyankhe kuti, "Ndakukhululukirani, bambo."

Phunziro: Musamasirire moyo wautali ngati anthu amene mumawakonda sakhala nanu mpaka kumeneko. Nthawi imene mukuti ilipo mwina ndi yanu yokha, ya mnzanuyo ikutha. Ngati pali munthu amene akudikira kuti mupite, muimbe foni kapena mupepese, chitani lero miyendo ikadali yanu ndipo iye akadakuzindikirani. Tumizani nkhaniyi kwa ena, makamaka uja amene amangoti "ndipita mvula ikatha".