Mabenchi a Akuntchito

Chikhazikitsire lamulo loti ogwira ntchito kufakitale ya mtedza azilankhulana pa foni ya kampani basi, kaya kuntchito kaya kumudzi, ine ndi amuna anga tinangozolowera. Tonse tinali osankha mtedza komweko. Mchere ukatha ndinkawalembera uthenga, iwo ali pakhonde pomwepo.

Atamwalira ndinalemba kuti, "Bambo akunyumba atisiya." Makina a kampani anakonza mawuwo n'kutumizira onse kuti, "Malo 41 alibe munthu."

Mng'ono wanga Esinati anakabwerekabe mabenchi atatu kutchalitchi, oti pakhale akuntchito.

"Sabwera," ndinamuuza.

"Achemwali, munthu wagwira nawo ntchito zaka makumi awiri!"

"Angolemba."

Anabwera a Lipenga okha, amene ankasankha mtedza tebulo limodzi ndi malemuwo. Ananyamula nawo bokosi, anakwirira nawo, osatsegula pakamwa. Titabwerako kumanda anaima patsogolo panga, chipewa chili m'khwapa, n'kuyamba kulemba pa foni yawo. Zala zinali dothi lokhalokha. Ankalemba, kufufuta, kuyambiranso, mpaka anthu onse anatha kusamba m'manja iwo akulembabe.

Kenako foni yanga inalira. Panalembedwa kuti, "Wantchito 42 wapepesa."

"Akuti chiyani?" anafunsa Esinati.

"Akuti pepani."

"Kulemba konse kuja?"

Ndinadina batani la zikomo. A Lipenga anawerenga, anandiyang'ana pang'ono, n'kuvala chipewa. Mabenchi aja tinabweza tsiku lomwelo, osawapukuta n'komwe, poti sipanakhale munthu.