Loko wa pa Bokosi la Canela

Otilia anamanga sikuluwu yomaliza n'kukoka chivundikiro cha bokosi lagalasi ndi manja onse awiri. Sichinasunthe. Anakokanso, chifukwa ulendo wathawu sichinkasunthanso, koma njoka inatuluka ndithu.

Linali Lamulungu, tsiku lokhalo limene sakaima pa makina ophikira matotiya, tizigumu topyapyala ta ufa wa chimanga. Amayi anzake a mu Toluca anali kutchalitchi, ena kumsika. Iye anali chigwadire pasimenti yozizira kuyambira m'mawa, msana ukuwawa, zala zili mabala okhaokha a waya, kuvutikira njoka yomwe sanaipemphe n'komwe.

Njokayo inali ya mwana wake Yaretzi, amene anapita kukagwira ntchito kufakitale ku Tijuana. Pokwera basi anangoti, "Mundisungire Canela, amayi, sakuvutitsani." Inali njoka yofiirira yamawangamawanga, ija amati ya m'chimanga, yofatsa, yopanda ululu. Koma kauzeni zimenezo Doña Amparo, mwini nyumba, amene Lachinayi anaipeza itadzipinda m'dengu lake la zovala padenga, pomwe anthu onse a m'nyumbamo amachapira ndi kuyanika. Kukuwa kwake kunaimitsa anthu pamsewu. Ndipo aka sikanali koyamba.

"Ikangotulukanso, Otilia, mulongedze," anatero mayiyo. "Iweyo, bambo ako, ndi chilombo chakocho. Zipinda zanga sizisowa anthu."

Mawu amenewo ndi amene anam'gwaditsa pansi tsiku lonse. Ndani mu Toluca angabwereketse chipinda kwa mayi wosunga njoka, woyenda ndi nkhalamba yodwala maondo?

Ndiye anachita zonse zimene wogulitsa kusitolo ya ziweto anamuuza. Anachotsa chivundikiro chakale n'kuika cha sefa wawaya, chamahinjesi. Anathira utuchi watsopano wopanda fungo. Anaika mbale yamadzi yolemera kuti isagubuduzike, ndi phale la mphika wosweka loti Canela azibisalamo. Chotenthetsera anachiika pansi mbali imodzi yokha, kuti ikatenthedwa izithawira kwinako. Kenako anamata ndi guluu kabowo kodutsa waya wamagetsi. Kabowo kameneka ndi kamene ankakakayikira, poti masiku onse othawa chivundikiro ankachipeza chotseka bwinobwino. Wogulitsa uja anali atanenetsa kuti njoka zimenezi pamene padutsa mutu, thupi lonse limadutsa. Zoti inkakwera bwanji masitepe onse aja mpaka padenga, Otilia analibenso mphamvu zoganizira.

"Ukumanga ndende ya zigawenga kapena chiyani?"

Anali bambo ake, Don Crisanto. Anakhala pampando wawo atafulatira bokosilo, atavala bulangete lawo lobowola pakati, ndodo ili pakati pa miyendo.

"Ndikumanga kuti tisagone pamsewu, bambo."

"Chingwe cha Satanachi chakudyera Lamulungu lonse. Zakwana zimenezo. Ineyo njala."

"Nyemba zili pamoto. Dikirani."

"Dikirani, dikirani. Ndidzafa ndikudikira, ndiye mudzandiike m'bokosi lomwelo poti ndi lolimba."

Otilia anapitiriza ntchito yake. Pakamwa pa mkuluyu sipanatulukepo mawu okoma. Ngakhale malemu mayi ake ankawatcha chimphepo zaka zonse za ukwati wawo. Popita kukatenga pulayala anawasasa paphewa. Utuchi uja unkapezeka paliponse m'nyumbamo, ngakhale pabulangete lawo.

Anawamvera chisoni pang'ono, chisoni cha munthu wotopa, chosafika patali. Chichokere Yaretzi, mkuluyu ankakhala yekha kuyambira kusanache mpaka madzulo. Ulendo wawo unali umodzi basi: kukwera padenga m'mawa ndi ndodo, kukawothetsa maondo padzuwa, anthu onse atapita kuntchito. Ngakhale Lachinayi lija anali komweko. Otilia atawafunsa ngati sanaone njoka ikulowa m'dengu, anayankha kuti anali mtulo. Madzulo iye akabwera ankangotenthetsa chakudya, n'kuyamba kusinza mbale ili m'manja, bambo ake asanamalize chiganizo.

Dzuwa litapendeka, anamasula thumba la pilo lomwe anasungamo Canela, n'kuikhuthulira m'bokosi mosaikhudza. Njoka inayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa galasi, kalilime kakutuluka. Inakweza mutu, inagunda sefa apa, inagundanso apo, kenako inakalowa pansi pa phale lija. Otilia anapisa dzanja m'thumba la epuloni n'kutulutsa chinthu chomaliza, loko watsopano wamkuwa. Anamukoleka. Loko anati khethe.

Anayesa ngodya zonse ndi chala. Panalibe podutsa ngakhale nyerere. Kiyi anamulowetsa pachingwe cha m'khosi mwake pamodzi ndi mendulo ya Amayi Maria, n'kukhala pansi atatsamira khoma, miyendo tambalale. Mpweya umene anatulutsa unali wa sabata yonse.

"Zatha," anatero maso ali chitsinzinire. "Doña Amparo akakuwe ndi zina. Kiyi ndizipita naye kuntchito."

Mpando unakhuluka pasimenti. Otilia anatsegula maso. Bambo ake anali atatembenuka, akuyang'ana loko uja, ndipo mwano wonse unali utachoka pankhope pawo.

"Kuntchito?" anafunsa chapansipansi. "Nanga ine m'mawa ndizikawotha dzuwa ndi ndani? Lachinayi lija ndinangosinza pang'ono, mwana wanga. Masiku onse Canela sachoka pamwendo panga."