Bandeji Imene Fainess Anamanga pa Bondo la Achimwene Ake

Panali munthu wina kwathu ku Chiringa, dzina lake Goodman Sitima. Amene munaonerako mpira mbali ino cha m'ma 2004 simungamuiwale: nambala naini, wamtali, mwendo wamanzere woopsa. Munthu wabwino, wosamwa, wosatukwana. M'mawa ankanyamula mpunga pa njinga kuchokera ku Chilwa, madzulo ali pabwalo.

Mlongo wake wamng'ono, Fainess, ndiye anali ndi mutu wa sukulu. Anasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira zamasewero ndi mmene thupi la wosewera limagwirira ntchito. Kumudzi zinali zoseketsa. Ngakhale Goodman ankamunyogodola: "Chemwali, zaka zinayi zonse kuphunzira fulaye?"

Chaka chimenecho kunali kampeni, ndiye a phungu anaika chikho. Timu ya Goodman inafika fainolo, yokaseweredwa pa Boma Loweruka. Kunamvekanso kuti kubwera mkulu wina wa timu yaikulu ya ku Blantyre kudzaona Goodman yekhayo. Anali ndi zaka 26. Mwayi wotero kwathu kuno subwera kawiri.

Lachiwiri akukonzekera, anatembenuka phazi litamira m'dothi. Bondo linalira. Pofika kunyumba linali litatupa ngati papaya.

Mwamwayi Fainess anali pa holide. Amayi atatereka madzi oti amuthowe, iye anakana, akuti otentha aonjezera kutupa. Anaviika nsalu m'madzi ozizira a mumtsuko, analigwiragwira bondolo, kenaka n'kumanga bandeji.

"Achimwene, mkati umu muli mtsempha umene umagwira mafupa awiri kuti asamagwedere. Wanu wang'ambika, koma sunaduke. Mupume milungu isanu ndi umodzi, tikaonetsenso kuchipatala. Mukasewera Loweruka, uduka."

"Nanga mlendo wa ku Blantyre?"

"Ndimulembera kalata ine. Adzabweranso."

"Iwe, anthu a ku Blantyre amabweranso?"

Komabe anamvera. Masiku atatu anakhala pakhonde, mwendo uli pa mpando.

Lachisanu anzake anabwera kudzamutenga, akuti angokakhala nawo ku kampu kuti alimbe mtima. Tsono mukudziwa mwambo wa mpira: timu ikalowa kampu, mkazi safikako, ndipo sakhudza jezi, nsapato kapena mwendo wa wosewera. Amati zimatsuka mphamvu.

Loweruka m'mawa ku kampuko kunatulukira bambo wina wa kachikwama kakuda. Anati ndi dokotala wa mpira, wagwirapo ndi matimu akuluakulu. Palibe amene ankamudziwa, palibenso amene anafunsa. Ataona bandeji anati, "Wamanga ndani iyi?"

"Mlongo wanga," anatero Goodman.

Goloboyi wa timu, Micheal Goliati, anagwira kumutu. "Mkazi wagwira mwendo wa nambala naini sabata ya fainolo? Amwene, mukufuna mutiluzitse tonse?"

Bamboyo anamasula bandeji ija n'kuiponya kuseri kwa mpanda. Anabaya jekeseni pabondo pomwepo. Pasanathe nthawi ululu wonse unatha. Goodman anadumpha kamodzi, kawiri. Anzake anayamba kuimba.

Fainess atamva anakwera njinga mpaka pa Boma. Anamuletsa pa chingwe chozungulira bwalo, ndiye anangokuwa ali pomwepo: "Achimwene! Jekeseniyo sanachize kanthu, wangolitseka pakamwa bondolo! Ululu uja ndi umene umakuuzani polekezera!"

Anthu anaseka. Wina anati, "Aphunzitsi a fulaye, takhalani pansi!"

Goodman anamva. Anayang'ana mlongo wake, anayang'ananso mlendo uja amene anakhala kutsogolo ndi kabuku m'manja. Musamuweruze msanga. Munthu anali atapalasa njinga ya mpunga zaka zisanu ndi zitatu. Analowa.

Mphindi 12 anagoletsa, chigoli chokongola kwabasi. Mphindi 31 analandira mpira, n'kutembenuka, n'kugwa yekha popanda womukhudza. Bondo linapindikira kumene bondo silipindikira.

Anthu anayang'ana dokotala uja, kulibe, ndi kachikwama komwe. Amene anadumpha chingwe anali Fainess, ndipo tsiku limenelo panalibe amene anatchula za mkazi. Anamanga mwendowo ndi chitenje chake ndi timitengo tiwiri, n'kupita naye kuchipatala. Mlendo wa ku Blantyre anatseka kabuku kake, hafu taimu n'kunyamuka. Timu inapambana 1-0, chikho chinapita ku Chiringa, koma kuchipatala anati mtsempha waduka, za mpira aiwale.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti Fainess sananenepo kuti "ndinakuuzani." Holide iliyonse ankabwera. Anasoka kathumba ka mchenga, n'kumakamangirira pa phazi la achimwene ake kuti azikweza. Kakhumi, kupuma, kakhumi. Goodman ankalira misozi, iye osamusiya. Panatha miyezi isanu ndi inayi kuti apalasenso njinga.

Lero Goodman amayenda motsimphina, ndipo ndi kochi wa timu yomwe ija. Fainess amaphunzitsa zamasewero pa sekondale, koma fainolo ikakhalapo amakhala pa benchi, ndipo wovulala aliyense amayamba wamugwira iyeyo. Tsiku lina wosewera watsopano anang'ung'udza kuti mkazi asamukhudze. Goodman sanakalipe. Anangopinda buluku, n'kuonetsa bondo lija.

"Waliona ili? Amene analigwira komaliza ndisanalowe m'bwalo tsiku lija ndi mwamuna."

Phunziro: Abale anga, maphunziro a zamasewero si fulaye, ndi kudziwa thupi la munthu. Amene anapita kukaphunzira akakuuzani kuti pumani, pumani, kaya ndi wamng'ono kwa inu, kaya ndi mkazi. Ndipo musapereke thupi lanu kwa munthu amene simudziwa ngakhale kwawo. Ifikitseni nkhaniyi kwa osewera, makochi ndi makolo onse amene mumawadziwa, mwina ipulumutsa bondo la wina.