Wopulumuka M'munda wa Kachewere

Eliness anaima m'mphepete mwa munda wa kachewere, mapazi atatupa, chisoso chitamatirira chitenje chonse.

Chilengezereni wailesi kuti ndege yopita ku Joni yasowa, iye anali m'gulu la anthu oifunafuna m'mapiri a ku Tsangano. Amuna ankakangana njira yonse. Wina ankati ndi chifunga, wina mphenzi, wina ankalumbira kuti woyendetsa anagona. Palibe amene ankadziwa kuti Eliness akufuna Silvester, amene anamulonjeza ukwati mwachinsinsi, n'kumutsanzika kuti akukakwera ndege yomweyo.

Tsopano Silvester uja anali apa, kutsidya kwa malire a dziko, khasu m'manja, matope m'mawondo. Pambali pake mayi woyembekezera ankatolera kachewere m'thumba.

"Bambo a Chifuniro, alendowa mukuwadziwa?" anafunsa mayiyo.

Silvester anatsamira khasu lake. "Ndi a kutchalitchi."

Eliness anayang'ana nsapato za Silvester zapulasitiki zong'ambika, kenako milomo ija imene inkatchula Joni ngati kwa amalume ake. Munthu woti mwina ngakhale basi ya ku Lilongwe sanaikwerepo! Anafuna kulira, koma chimene chinatuluka ndi phwete.

"Achemwali, mwaonako kanthu kumeneko?" anakuwa mtsogoleri wa gululo ali pamtunda.

Silvester anaomba m'manja mobisa, maso akupempha chifundo.

"Eya!" anayankha Eliness mokweza. "Mmodzi wapezeka, alibe ngakhale bala. Bwerani nonse, atifotokozere pamaso pa akazi akewa mmene anatsikira."