Mipando Yatuluka Panja ku Matero

Dingani atatsika minibasi ku Matero, anapeza zonse zili monga mmene uthenga wa Eneless unanenera. Eneless anali mayi woyandikana nyumba ndi Edwell, mng'ono wake wa Dingani, ndipo maso ake sankaphonya kanthu. Masofa anali panja, pansi pa tenti ya tchalitchi. Tebulo, kabati, ngakhale filiji, zonse pabwalo. Pakhonde panali matumba a makala, ndipo amayi a m'komboni anali atakhala kale pansi, akulira mosinthana.

M'komboni munthu safunsa. Mipando ikatuluka m'nyumba, tenti n'kuimikidwa, ndiye kuti kwagwa maliro, ndipo wofunsa amaoneka wopanda mwambo.

Nanga akanadabwa ndani? Edwell ankagwira ntchito ku banki ina m'tauni, kusunga makwacha a eni ake amene ankatha mphamvu ali m'manja mwake. Ana ake ankamuona Lamlungu lokha, nalonso akuwodzera m'tchalitchi. Mwezi wathawu anagwa mu ofesi, BP itakwera kuposa mtengo wa ufa. Dingani anapita kukamuzonda kuchipatala, namulangiza mwachikondi kuti achire msanga, ntchito yotere sasewera nayo. Anabwerako ndi ya basi ndi ya ndiwo.

Chitsekereni fakitale imene ankagwirako, Dingani ankadya za mng'ono wakeyo. Choncho mantha analipo ndithu: tsopano adya chiyani? Koma anali atadzitonthoza m'minibasi. Iye ankadziwa kuti munthu akafera pa ntchito ya banki, mabwana amaponya kanthu kooneka, ndipo woyang'anira kanthuko ndi mkulu wa malemu. Mkulu wa malemu anali iyeyo.

Analowa pachipata ndi mfuu, manja ali kumutu. Misozi inakana, koma mawu anakwana. Amayi aja anakweza nawo maliro, poona kuti mwini wake wafika.

Atatopa anasankha sofa yabwino pa onse, nakhalapo moyesa masipuling'i. Anali adakali olimba. Kenaka anaona matabwa opala kumene atatsamira khoma, ndipo mtima unamuwawa. Bokosi la munthu wa ku banki, matabwa wamba ngati amenewa? Umbombo wa Towera, mkazi wa Edwell, ankaudziwa kale, koma sankayembekeza kuti uyamba thupi lisanafike n'komwe.

Chitseko chinali chokhoma. Eneless anamunong'oneza kuti m'mawa anangoona galimoto ya hayala ikutuluka, Towera ali kutsogolo, nkhope ili gwa. Kwina kumene akanapita n'kuti, ngati si ku mochale?

Dingani anagwedeza mutu mwachisoni, naimirira kukasisita filiji.

"Iyi musaigwile," anauza anthu. "Ni vinthu va banja. Tizakambilana pambuyo pa malilo."

Anali atayamba kale kuganiza za ngodya imene filijiyo ikakhale kwake ku Chawama. Za magetsi, amene anawadula chaka chatha, anaona kuti n'zoganiza tsiku lina.

Masana galimoto ija inatulukira. Amayi anadzigwetsa pansi, abambo anaimirira kuti alandire thupi, Dingani ali patsogolo. Kumbuyo kwa galimoto kunali matumba a ufa, shuga, mafuta ophikira ndi makatoni a sopo ochokera kumashopu a ku Kamwala. Dingani anavomereza mumtima kuti pa chakudya cha olira pokha, Towera wayesetsa.

Pakati pa matumbawo panadzuka munthu wovala ovolosi, ufa uli mbuu m'tsitsi.

"Bakulu, nindani wamwalila?" anafunsa Edwell. "Ine nasiya nchito ku banki, inafuna kunipaya. Mipando tachosa kuti tikhome mashelufu, tenti tabweleka kuti isapse na zuba, muno tisegula shopu."

Dingani anayang'ana filiji, nayang'ana mng'ono wake, wamoyo ndi wopanda malipiro. Ulendo uno misozi inatuluka yokha.